Anamuyeza Ali Mtulo

Uthengawo unamupeza Tsabola akuanula zovala pachingwe, dzuwa litapendeka. Foni inanjenjemera m'thumba, iye n'kuitulutsa ndi dzanja limodzi, linalo litakumbatira zochapazo. Anawerenga, n'kuwerenganso, basi zovala zonse pafumbi phuu! Anali atamutenga kusukulu ya unamwino. Sukulu ija yolembera chinamtindi cha anthu, koma otengedwa osadzaza ngakhale basi imodzi.

Mayi ake anatuluka m'khitchini manja ali mwamba.

"Wamwalira ndani?"

"Palibe, amama. Anditenga! Unesi!"

Mayiwo sanalulute. Anasuzumira kumsewu, n'kumukokera mwana wawo m'nyumba.

"Wauza ndani?"

"Ndaika kale pa sitatasi."

"Mayo ine! Fufuta msanga!"

"Ndifufute chani? Ndaba?"

Dzina la Tsabola sanamupatse chifukwa chofiira ayi. Pakamwa pake ndi pomwe pankawawa.

Koma mantha a mayiwo sanali a ziii. M'mudzimo sukulu imeneyi inali itasankhamo awiri okha, ndipo palibe anakafikako. Woyamba anali mwana wamkazi wa aphunzitsi. Anadandaula mutu m'mawa, pofika masana nyumba yonse inali kulira. Chaka chotsatira anasankhidwa mnyamata wa pagolosale. Ameneyo anagwa akupopa njinga, osadzukanso. Onse awiri anapita yunifolomu yoyera itapachikidwa kale pamsomali, chikwama chili cholongedza. Amene anasambitsa mitemboyo ankanong'onezana kuti matupiwo anali opepuka ngati pilo, komanso pamapewa panali timizere toyera tokana sopo. Anthu analozana zala mpaka kutopa. Ena amvekere ndi nsanje ya pachibale, ena amvekere sukuluyo ili ndi zake.

Kutacha kunabwera Atelala. Anali mayi wamasiye, wofatsa, wolankhula ngati akupepesa. Shopu yawo inali yomaliza pamzere wa mashopu, ndipo ankagona kuseri kwake komweko. Amuna awo anamwalira kalekale atadwala nthawi yaitali.

"Ndamva nkhani yabwino, mwanangu. Ubwere ndidzakuyeze. Yunifolomu ndisoka ulere."

"Zikomo, koma zanu zimathina m'khwapa. Ndikagula yosokasoka m'tauni."

"Iwe, ulemu!" anatero mayi ake.

Atelala anangomwetulira. Maso awo anayenda kuchokera paphewa la mtsikanayo mpaka pabondo, milomo ikugwedera ngati akuwerengera chamumtima. Atachoka, pakhonde panatsala fungo la sipiliti wa kuchipatala, ndipo pansi pa fungolo panali lina, ngati la nyama yoiwalika m'poto.

Tsiku lotsatira Tsabola akuvula kuti asambe anaziona. Mzere wa choko kuchoka paphewa ili kufika linalo. Wina kuzungulira m'chiuno. Wina pansi pa mabondo. Chitseko cha kuchipinda kwake chinagona chokhoma, zenera ndi lotchinga ndi zitsulo. Anadzikhula mpaka khungu kutentha, koma mizereyo inangokhala mbee.

Kenako kunayamba phokoso. Kata-kata-kata-kata, ngati makina osokera, koma likumveka mkati mwa mutu wake. Anaika mahedifoni, nyimbo mpaka pamapeto, ilo osasiya. Likalira, thupi linkapepuka. Ndowa imene ankaisenza akuimba inayamba kumugwetsa. Akaponda pamchenga, phazi silinkadinda bwinobwino. Anzake a pagulupu amene dzana lomweli ankatumiza timitima anangoti zii, ndipo wina anachita kumutulutsamo, ati tsoka limapatsirana. Pachitsime amayi ankamupatsa moni wa munthu amene akumulira kale.

Mayi ake anafika pomugwadira.

"Imba foni kusukuluko, uwauze kuti sukubwera. Mwina akusiya. Tizigulitsa limodzi pabenchi. Bola moyo, mwanangu."

"Amama, ndalephera kawiri, ndalembanso. Ndawerenga ndi tochi ya foni mpaka maso kutupa. Ndiye ndisiye chifukwa cha munthu woopa kundipeza ndili maso? Asa!"

"Sukuona kuti ukutha?"

"Ndikuona. Koma malowo ndi anga."

Atangotero chinamugwira chifuwa. Anatsokomola mpaka kugwira khoma, n'kumva kanthu kakukanda pakhosi. Analowetsa zala n'kukoka. Unali ulusi woyera, wautali, wonyowa, ukungobwerabe. Mayi ake anakhala pansi osafuna.

Tsabola anauyang'ana ulusiwo, n'kuyang'ana mzere wa paphewa pake.

"Choko ndi ulusi. Izi sizifunanso woombeza."

"Ukupita kuti? Iwe! Bwerera!"

Anatuluka dzuwa lili paliwombo, akudzandira ngati woledzera, anthu akumupatukira. Akamayandikira shopu yomaliza ija, phokoso la m'mutu lija linkakumana ndi lenileni.

Atelala anali pamakina, phazi likupalasa. Pansi pa singano panali diresi loyera lokhala ndi kolala ndi matumba awiri, saizi yake ndendende.

"Wafulumira, mwanangu. Kwatsala kupinda m'munsi basi."

"Ndinakuuzani kuti sindikufuna. Makutu mulibe?"

Kuseri kwa katani ya kuchipinda kunamveka madzi akufinyidwa m'beseni. Fungo lija linali lochita kutseka mphuno. Tsabola anaikoka kataniyo mpaka kuthothoka.

Pabedi panagona amuna a Atelala, omwe aja mudzi wonse unawaika m'manda. Khungu lawo linali zigamba zokhazokha, zolumikiza ndi ulusi, zina zikuchucha. Mbali iyi kunaima mwana wa aphunzitsi, mbali inayo mnyamata wa pagolosale, onse m'mayunifolomu amene poyamba anali oyera. Maso awo anali ngati magalasi a fumbi. Ankawatembenuza bambowo, kuwapukuta, kuwatembenuzanso, osapuma, osaphethira. Mwana wa aphunzitsiyo, Tsabola anakhalapo naye desiki imodzi ku pulayimale. Anamuitana dzina, koma iye anangopitiriza kufinya kansalu.

"Kuchipatala anandibwezera," anatero Atelala, makina akulirabe. "Ati palibe chochita, kadikireni kunyumba. Anesi ankandidutsa ngati ndine benchi. Ndinalumbira kuti bambo awa adzakhala ndi anesi awoawo, usana ndi usiku. Koma awiriwa manja awo ndi olemera, zilonda sizikupola. Iwe ndiye uli ndi mutu."

Tsabola anaseka. Mantha anali nawo, koma mkwiyo unaposa.

"Mayi inu, ngakhale ufiti umafuna kufunsa! Awa anangosankhidwa, m'kalasi sanapondemo. Sadziwa ngakhale kogwira jakisoni. Inenso ziro, bandeji sindinamangepo. Zipola bwanji? Mwapha ana a eni ake ulele!"

Makina anaima kamphindi.

"Anawasankha pakati pa anthu ambirimbiri," anatero Atelala.

"Kuti akaphunzire! Kukaphunzira, mayi!"

Nkhope ya Atelala inagwa, kenako inauma gwaa. Phazi linabwerera pachopalasira, ulendo uno mwaukali. Tsabola anamva singano ikuyenda kuzungulira mabondo ake, n'kugwa chafufumimba. Zala zinayamba kuzizira. Maso anachita chifunga. Anakwawa ndi zigongono mpaka pathebulo, n'kugwetsa sizasi yaikulu yodulira nsalu. Atelala anayesa kumuponda dzanja osasiya kusoka, koma phazi limodzi silingagwire ntchito ziwiri. Tsabola anadzikoka ndi mwendo wa makinawo, n'kulowetsa sizasi pansi pa singano. Khwapu! Diresi linang'ambika mpaka pakolala.

Mpweya unabwerera m'chifuwa mwake ngati wavuuka m'madzi.

"Mwana iwe."

Anali mawu a pabedi paja, ouma ngati pepala. Bambowo anali atakweza chala, akuloza mfundo yakuda ya ulusi pansi pa khosi lawo.

"Apa. Ndatopa ine."

"Ayi! Bambo, ayi!" anakuwa Atelala. "Mundisiya ndi ndani?"

"Unandisunga mokwana, mkazi wanga. Amasule anawa."

Tsabola anadula. Ulusi unasololoka wokha thupi lonse, ndipo bambowo anatulutsa mpweya wautali, womaliza. Awiri aja anasiya kansalu ndi beseni. Anakhala pansi, n'kutsamira khoma ngati anthu oweruka ntchito yolemetsa, mitu n'kuwerama. Sanagwederenso.

Kulira kwa Atelala kunaitana mudzi wonse. Koma anthu pofika, mayiwo anali atatulukira khomo la kuseri. Ena anawaona akuthamangira kuminda opanda nsapato. Anyamata anawasaka mpaka kuda, osawapeza.

Khamu linadzaza pakhomo la shopu, koma wolowa panalibe. Amuna akuluakulu ankangosuzumira n'kubwerera chambuyo atagwira pamphuno. Aphunzitsi aja anaima pamenepo, osatha kulowa. Tsabola ndi amene anatenga mpukutu wa nsalu pashelefu. Onse atatuwo anawatseka maso, mmodzimmodzi, n'kuwafunditsa bwinobwino. Kenako anawagwira dzanja aphunzitsiwo.

"Lowani, bambo. Pano wagonadi."

Tsiku lonyamuka mayi ake anamuperekeza pasiteji, chikwama atasenza okha. Njira yonse maso awo anali kutchire. Basi itaima anamugwira mkono.

"Ukupitadi? Mayi aja sanapezeke mpaka lero. Akakulondola konko?"

Tsabola analanda chikwamacho n'kuponda pakhomo la basi.

"Akandifuna akandipeza ku wodi, amama. Akafole pamzere ngati wina aliyense."