Chibwenzi cha Pageti

Tsiku limene Ezron anakumana ndi Clarissa, maminibasi a ku Palabana anali atavuta. Anthu anali mbwee pasiteji, dzuwa likuswa mtengo, ndipo pakati pawo panaima mtsikana wovala siketi yoyera yamasewera, kachikwama paphewa, akupondaponda pansi ndi mkwiyo.

Ezron anali dokotala wa ng'ombe zamkaka m'timapulazi ta kumeneko. Tsikulo ankachokera kobaya ng'ombe jekeseni, jombo zili ndowe zokhazokha. Munthu wanzeru akanangodutsa. Koma paja mtima suvala nsanza! Anaimitsa njinga yake yamoto pafupi ndi mtsikanayo.

"Sisi, muyenda kuti? Ningakupelekezeni."

Mtsikana uja anayang'ana jombo, nayang'ana nkhope, kenako anaseka. Kuseka kwakeko, abale, Ezron anaiwala ndi dzina la agogo ake lomwe.

"Niyenda ku kilabu ya Msekese. Koma imwe, simuzaninunkhitsa khola?"

"Mphepo izachotsa. Kwelani chabe."

Anakwera. Pofika pakona ya msewu, geti ya kilabu ikuonekera chapatali, mtsikanayo anamugwira phewa kuti aime. Anatsika, namuuza kuti dzina lake ndi Clarissa, ndipo nambala ya foni anapereka yekha asanapemphedwe.

Kilabu ya Msekese inali nyumba yakale yapafamu imene anaikonza mabwana ogwira ntchito ku Lusaka, aja amanga nyumba m'mapuloti atsopano a ku Chongwe. Mkatimo munali kapinga wobiriwira chaka chonse, dziwe losambiramo ndi bwalo la tenesi, ndipo Loweruka lililonse fungo la nyama yootcha linkafika mpaka kumsewu. Koma pageti panali mlonda, ndipo olowa anali mamembala okha ndi alendo awo.

Chikondi chinayamba ngati moto wapaudzu. M'mawa uliwonse foni ya Ezron inkalira.

"Wauka bwanji switi wanga? Nakulota futi!"

"Iwe ndiwe mutima wanga, Ezron. Kulibe winangu, nalumbila."

Ezron ankawerenga mauthengawa ali m'khola, akumwetulira yekha mpaka eni ng'ombe ankafunsana ngati dokotalayo mutu wake ukuyenda bwino. Pakati pa sabata ankatengana kukadya tchipisi kutauni ya Chongwe, kapena kukakhala mumthunzi kuseri kwa Chalimbana. Kumeneko Clarissa ankamutsamira pachifuwa, kumuitana maina onse okoma amene alipo pansi pano.

Koma Loweruka? Loweruka linali tsiku lowawa.

Clarissa ankatsikira pakona paja nthawi zonse. Ezron ankakaima pansi pa mtengo moyang'anana ndi geti, kudikira. Mkatimo nyimbo, kuseka, madzi a m'dziwe khuvu khuvu. Kunja kuno iye ndi fumbi la magalimoto a mamembala. Clarissa akatuluka madzulo ankamudutsa ngati sakumudziwa, maso ali pafoni. Ezron ankamutsatira pang'onopang'ono panjinga mpaka pakona, ndipo pamenepo ndiye chikondi chinkayambiranso.

Kodi chimenechi n'chibwenzi kapena uganyu?

Tsiku lina zinamukwana. Atafika pakona anazimitsa njinga, osamulola kukwera.

"Clarissa, niuze zoona. Membala aliyense aloledwa kulowa na mlendo. Ba malonda apageti ananiuza. Nanga ine nine ndani? Galu wako wapageti?"

"Ah, switi, osakamba choncho!"

"Nikambe bwanji? Nalema! Anzako alowa na abwenzi awo, ine niumila pansi pa mtengo monga nigulitsa malasha."

Clarissa anamugwira masaya ndi manja onse awiri, maso atalenga misozi.

"Mvela, mutima wanga. Ba dadi bali mu komiti. Ukangena monga mulendo, bazakufunsa mafunso pamenso pa bantu, bazakuchepetsa. Ine sinifuna muntu akunyoze. Koma siku ukazankhala membala, nizakugwila kwanja nekha, nizakupeleka pa tebulo ya ba dadi, nizakamba ati uyu ndiye mwamuna wanga. Nakulonjeza!"

"Walonjeza?"

"Nalonjeza. Mulungu anione."

Mawu amenewo Ezron anawameza osatafuna. Sanadzifunse n'komwe kuti Clarissa walonjeza mosavuta chonchi chifukwa chiyani. Kodi sankadziwa mtsikanayo kuti kilabu imeneyo sililowedwa ndi mwana wa alimi a ku Nkomeshya, amene makolo ake anachokera ku Katete ndi makasu okha?

Koma Ezron anali ndi pogwira. Mwa anthu amene ankawasamalira ng'ombe munali a Lazarous Tembo, mkulu wopuma ntchito m'boma, mmodzi mwa oyambitsa kilabuyo. Tsiku lina atatha kuona ng'ombe yodwala bere, Ezron anavula chipewa.

"Ba Lazarous, nili na pempho. Nifuna kulowa kilabu yanu."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe? Ufuna kumenya tenesi na majombo? Kamba zoona, mwana wanga. Muli mkazi mkati umo."

Ezron anangoyang'ana pansi.

"Hm! Chabwino, dzina osaniuza. Nizakuimilira. Koma udziwe mwambo wathu. Nikakupeleka kwa mamembala, uzatuluka ukhale pakhonde. Wapampando azafunsa katatu ngati alipo wotsutsa, monga mwamene afunsila pachikwati mu tchalitchi. Munthu mmodzi chabe akaimilira na chifukwa, basi, chitseko chatsekeka."

"Palibe wamene ninalakwila, ba Lazarous."

"Ndiye usaope."

Kudikira kwake kunali kotopetsa. Mwezi uno komiti sinakumane chifukwa cha maliro. Mwezi winawo wapampando wapita ku Ndola. Kenako akuti akufuna munthu wachiwiri womuvomereza. Ezron ankangobwerera pansi pa mtengo wake uja. Akamuuza Clarissa kuti zinthu zikuyenda, mtsikanayo ankaseka n'kumutsina mphuno.

"Osathamanga, switi. Vintu vabwino vimachedwa."

Clarissa ankayesa kuti ndi nthabwala. Koma Ezron sankachita nthabwala ayi. Anapita kusalaula, kumsika wa zovala zakale, kukagula jekete yabuluu, naipereka kwa telala kuti aifupikitse manja.

Uthenga wa a Lazarous unafika Lachisanu. Loweruka masana, ku msonkhano wa mamembala. Ezron anadumpha ngati kamwana, nthawi yomweyo n'kulembera Clarissa.

"Duwa langa, mawa ndiye mawa! Konzeka kunigwila dzanja."

Yankho linachedwa, ndipo litabwera linali lalifupi.

"Ezron, osabwela mailo. Napapata, chonde."

"Chifukwa?"

"Osabwela chabe. Nizakuuza."

Anaimba, foni sinayankhidwe. Anaimbanso, inali yozima. Ezron anadziuza kuti ndi mantha a mwana wamkazi basi, akuopa bambo ake. Akangoona kuti walandiridwa, manthawo atha okha.

Loweruka masana analowa pageti ija ali m'galimoto ya a Lazarous. Mlonda anamuyang'ana kawiri, kukamwa yasa. Kapinga uja, Ezron anamuponda ndi mapazi ake! Mtima unali di di di ndi chimwemwe.

M'holo munali anthu odzaza, azibambo a mimba zawo, azimayi onunkhira mafuta okwera mtengo. Ezron anaona Clarissa atakhala chapakati, pambali pa bambo ake. Mbali inayo kunakhala mnyamata wamtali wa wotchi yonyezimira. Ezron anamwetulira. Clarissa anayang'ana kumbali.

A Lazarous anamuyamikira bwino ndithu: mnyamata waulemu, wolimbikira, wosamwa mowa, woti ukamuitana ng'ombe ikavutika amabwera ngakhale kukugwa mvula. Anthu anaomba m'manja. Kenako anamutulutsa, nakamukhazika pampando wapakhonde. Kunali kotentha tsikulo, choncho mazenera onse anali otsegula, ndipo chilichonse cholankhulidwa mkatimo ankachimva bwinobwino.

"Kodi alipo wotsutsa?" anafunsa wapampando.

Zii.

"Kachiwiri, alipo wotsutsa?"

Zii. Ezron anayamba kukonza kolala ya jekete.

"Kachitatu..."

Mpando unakhuluka pansi.

"Ine, ba Tcheyamani."

Mawu amenewo! Mawu omwe aja ankamunong'oneza kuti switi, kuti mutima wanga.

"Kambani, ba Clarissa. Chifukwa chanu n'chiyani?"

"Uyu muntu amanivutitsa," anatero Clarissa. "Sinimuziba bwino. Pa Chiwelu paliponse amaimilila pa geti kunilindila, nikachoka anikonka kumbuyo na honda yake. Funsani ba malonda. Manje afuna kungena na muno. Ine niyopa."

M'holo munabuka phokoso. Wina anathamangira kukaitana mlonda, ndipo mlondayo ananena zimene maso ake anaona: inde, Loweruka lililonse mnyamatayo amaima pansi pa mtengo tsiku lonse, ndipo madamu akatuluka amawatsatira.

Kenako kunamveka mawu a mwamuna, okhuthala, aukali.

"Ba Tcheyamani, ine ndine Fidelis, munidziwa nonse. Clarissa ni nkazi wamene nakobekela, chikwati chathu chili mu Disemba, muno mwamene mu kilabu. Muntu wamene amuvutitsa akangena, ine nachoka!"

Chikwati? Mu Disembala? Ezron anagwira mutu. Miyezi yonse ija ya fumbi ndi dzuwa, iye ankalondera mkazi wa mwini! Kunja Clarissa ankadya naye tchipisi, mkati ankakonza ukwati ndi wina. Ndipo kudikira kwake komweko, kumene ankati ndi umboni wa chikondi, lero kwasanduka mlandu.

A Lazarous anatuluka nkhope itagwa.

"Ezron, wanichititsa manyazi. Ni zoona izi?"

Ezron anangotulutsa foni, natsegula mauthenga, nawapatsa. Mkuluyo anavala magalasi, nawerenga, natsitsa, nawerenganso. Anapukusa mutu.

"Mayo ine! Mwana uyu ni njoka. Tiye mkati. Mwambo ulola kuti munthu adziyankhile. Uwawelengele onse amve!"

Anamukoka dzanja mpaka kutsogolo kwa holo. Maso onse anali pa iye, ena onyansidwa, ena ofuna kumva nkhani yokoma yokafotokoza kunyumba. Foni inali m'manja mwake, yotsegula. Kungowerenga uthenga umodzi wokha, ukwati wa mu Disembala ukanathera pomwepo.

Anayang'ana Clarissa. Mtsikanayo anali atagwira pakamwa, misozi ikutsika, mutu ukupukusika pang'onopang'ono kumupempha. Ezron anakwiya, anakwiya zedi. Koma chomupweteka koposa chinali chakuti ngakhale pamenepo ankamukondabe. Chitsiru cha munthu!

"Tikumvetsera, ba Ezron," anatero wapampando.

Ezron anaika foni m'thumba.

"Ba Tcheyamani, ba malonda sananame. Ninali kuimilira pa geti, ni zoona. Ninali kuyembekeza mtsikana wamene ananilonjeza kuti azanigwila dzanja pamaso pa anthu." Anaponya maso m'holo monse. "Nayang'ana bwino muno monse. Mtsikana uja mulibe. Aba ba madamu siniwadziwa. Munikhululukile, sinizabwelanso."

"Iwe Ezron!" anakuwa a Lazarous. "Wapenga?"

Koma iye anali atatembenuka kale. Anadutsa pakati pa mipando, natuluka, nayenda wapansi mpaka kumsewu, jekete ili m'manja. Sanalire pamaso pawo. Anadzigwira mpaka holo itabisika kuseri kwa mitengo.

Ali m'mbali mwa msewu kudikira minibasi, foni inanjenjemera m'thumba. Mtima wopusawo unadumphanso. Mwina akupepesa? Mwina waimirira n'kuulula zonse? Mwina akuthamanga kumutsatira?

Anatsegula.

"Zikomo switi wanga, wanipulumutsa! Nenze niziba kuti unikonda zoona. Osakwiya, vonse vizankhala monga kale. Fidelis ayenda ku Kitwe pa Mande, nizakutumila foni."

Ezron anawerenga kamodzi, nawerenganso. Kenako anakhala pansi pafumbi pomwepo, mwamuna wamkulu ndi ndevu zake, n'kulira mokweza ngati wamva uthenga wa maliro. Minibasi inaima, kondakitala anamuyang'ana, ndipo inapitirira osamufunsa kumene akupita.