Mfuti m'Chikwama cha Wendell

Banja la a Ratliff linali losiririka. Bambo ankayendetsa basi ya sukulu, mayi ankaimba kwaya kumpingo kwathu. Ana anali awiri: Wendell, mnyamata wandevu kale koma nzeru za mwana, ndi mng'ono wake Colby, wochenjera mopitirira muyeso.

Colby atayamba kuyenda ndi Dusty, wothyola magalimoto a anthu, mayi ake anamukhazika pansi.

"Ngati wafuna kudziwononga, udziwononge wekha. Mkulu wakoyu usamamutenge."

"Amayi, timangokamugulira ayisikirimu."

Nzeru yoipa inachokera kwa Dusty, amene ankayenda ndi mfuti. "Aise, mfutiyi akatipeza nayo ife, tikaolera kundende. Koma mkulu wakoyu khoti limamulephera. Paja ataba njinga ija madokotala anati sangamvetse mlandu, woweruza n'kumubweza kwanu? Azinyamula iyeyu."

Colby anavomera, ndipo mpaka lero ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa. Anamugulira Wendell chikwama chofiira, n'kuikamo mfuti ija, n'kumuuza kuti tsopano ndi mlonda wawo.

Tsiku lina pa chakudya bambo anati, "Aphungu akhwimitsa lamulo la mfuti. Ngakhale munthu wosatha kuzengedwa mlandu sakumubwezanso kwawo. Ukumva, Colby?" Colby maso anali pafoni.

Loweruka masana, kunja kwa sitolo yaikulu, mwini galimoto anawapezerera Colby ndi Dusty akuthyola galimoto yake. Awiri aja analiyatsa liwiro. Wendell anangoima, poti anamuuza kuti asasunthe. Apolisi atafika, Wendell anatulutsa mfuti ija monyadira kuti awaonetse. Ndi chisomo chokha kuti sanamuwombere.

Colby ndi Dusty atagwidwa analamulidwa kutola zinyalala m'misewu miyezi ingapo, basi. Wendell anamutumiza kuchipatala cha boma chozingidwa ndi waya.

"Adzatuluka liti?" anafunsa mayi ake.

"Akadzamvetsa mlandu wake," anatero loya, maso ali pansi.

"Bambo, mwana wangayu nsapato ndimamumangira ndine."

Zaka zapita. Kumeneko amamuphunzitsa kuti woweruza ndani, loya ndani, m'mawa mwake waiwala. Colby analapa, amapitako Lamlungu lililonse, ndipo Wendell amamulandira atavala kale jekete.

"Wabwera kudzanditenga?"

"Lero ayi, achimwene."

Achinyamata, musasenzetse tchimo lanu munthu wofooka amene amakukhulupirirani. Mulungu amakhululukira wolapa, koma kulapa kwa Colby sikunatsegule chipata chija.