Thumba Kumutu, Chikwapu M'manja

Abusa andipempha kuti ndilembere achinyamata a mpingo uno nkhani yophunzitsa. Ine, Jubal Crowe, amene anthu amati ndikakugulitsa bulu uyambe wamuwerenga miyendo! Sukulu ndinangoinunkhiza pakhomo. Ndiye khulupirirani ngati muli ndi mtima wolimba. Wokayika awerenge kaye mpaka kumapeto, kenako abwere adzanditchule wabodza pamaso.

Ku Sawyer Creek kunali chigayo cha a Hoyt Pruitt, mkulu wa mpingo. Pakhomo pawo panali pabwino: pemphero asanadye, buledi wa chimanga wosasowa, ndi mwana mmodzi yekha, Delmer, mnyamata wongoyamba kumeta ndevu. Kuno ku Georgia mwambo mukuudziwa: mzungu akafika pachigayo, munthu wakuda amachotsa thumba lake n'kudikira. A Hoyt ankagaya motsata mzera. Wofika poyamba ndiye woyamba, kaya khungu lake ndi lotani.

Tsiku lina a Rufus Stallings, wogulitsa feteleza, anaima kumbuyo kwa mlimi wakuda, a Ezekiel Mabry, mpaka khosi linafiira. Atagayitsa anamukokera Delmer kuseri.

"Mphwanga, ndiwe mzungu kapena thumba la gaga? Ine ndidikire Ezekiel, iwe ukuonerera?"

"Ndi lamulo la bambo."

"Bambo ako akalamba. Amuna enieni timakumana kunkhalango ya paini. Kuli nkhumba yootcha, kuli kachasu. Ndipo mwana wanga wamkazi uja amakonda anyamata ovala zoyera."

Delmer anapita. Linali gulu lachinsinsi la azungu lolumbira kuti wakuda asadzadzutse mutu m'dera lino. Anamuveka mkanjo woyera ndi chisoti chosongoka chobisa nkhope, chongotsala timabowo tiwiri ta maso. Anagwada, dzanja pa Baibulo, nalumbira kuti akadzaulula kanthu kapena kutuluka m'gulumo, afe.

Amayi ake, a Oleta, anaupeza mkanjowo m'khola pansi pa udzu.

"Mwanawe, munthu wochita zabwino amabisiranji nkhope?"

"Amayi, tikuteteza azimayi ngati inu."

"Kwa yani? Ine ondiopsa m'dera lino ndi inuyo."

A Hoyt sanakalipe. Anangoti, "Delmer, chisoti chimenecho sichikubisa kwa Mulungu. Kachiotche, ubwerere kuntchito."

"Inu ndi amene mukutichititsa manyazi, bambo," anatero Delmer, n'kumenyetsa chitseko.

Poyamba kunali kuguba m'tauni masana, atsikana akukupiza mipango. Kenako kuyatsa mtanda pamunda wa munthu. Kenako nkhokwe ya thonje ya a Mabry inapsa, zokolola za chaka chonse, ndipo wonyamula parafini anali Delmer.

Kutacha, a Mabry anadutsa pachigayo ndi ngolo, akazi awo ndi ana atakhala pamwamba pa mipando ndi mapoto.

"Bwana Hoyt, ife tikupita kumpoto. Zikomo chifukwa cha mzera." Kenako anatsitsa mawu. "Bwana Delmer, ndinakunyamulanipo pamapewa muli khanda. Sambani m'manja, mukununkha parafini."

Madzulo Delmer anakulunga mkanjo uja napita nawo kwa a Rufus.

"Zandikwana. Tengani zinthu zanu."

A Rufus anaseka mpaka kutsokomola. "Khomo lathu ndi lolowera lokha, mphwanga. Amene anakuona ndi parafini, wina ndi mkulu wa apolisi, wina ndi woweruza, wina ndi amene amakumeta ndi lumo pakhosi. Ukadandaula kwa yani? Lamlungu masana ubwere. Pali wina wofunika kumuwongola. Ukakwapula tidziwa kuti ukadali wathu. Ukapanda kubwera, womangidwa pamtengo ndiwe."

Delmer anafuna kuthawa, koma wogulitsa matikiti a sitima nayenso anali wa m'gulu. Anabisala m'khola ndi botolo la kachasu, ndipo Lamlungu m'mawa sanapite kutchalitchi. N'chifukwa chake sanamve kuti a Hoyt anaimirira pakati pa mapemphero n'kunena kuti wootcha nkhokwe ya mnzake ndi mwana wa mdyerekezi, ngakhale avale zoyera ngati mngelo.

Tsono anthu aja ali ndi kachitidwe kawo. Wokwapulidwa amamuveka thumba la chakudya cha ng'ombe kumutu, nsanza m'kamwa, kuti asazindikire munthu. Okwapula nawonso sauzidwa dzina. Delmer atafika anapeza munthu womangidwa atakumbatira mtengo wa paini, msana uli pamtunda. M'chisoti munali thukuta, timabowo ta maso tikusuntha, mutu ukuzungulira ndi kachasu.

"Yamba ndiwe," anatero a Rufus, n'kumupatsa lamba wa chigayo.

Anakwapula mofooka.

"Ukupirikitsa ntchentche? Kapena timangepo iweyo?"

Anakwapula ndi mphamvu zonse, mobwerezabwereza, kuti zithe msanga. Munthu uja atalefuka, anthu aja anadula chingwe, ndipo a Rufus anavula thumba lija.

Anali a Hoyt.

Zisoti zonse zinatembenukira kwa Delmer. A Rufus anamunong'oneza, "Vula chako, akuone. Kapena khala chete, asadzadziwe." Ana inu, Delmer sanavule chisoti. Anaima pamenepo woyera ngati anzake, bambo ake akupuma movutikira pamasamba a paini.

Anathamangira kunyumba kukabisa mkanjo, ndipo anthu aja atawataya a Hoyt pachipata, ndi iye amene anawanyamula kulowa nawo m'nyumba.

"Delmer, gwira beseni," anatero a Oleta akulira. "Anzako aja ndi amene achita izi. Unaliko?"

"Ayi, amayi."

Anatsuka mabalawo ndi manja ake. A Hoyt, nkhope ili pa pilo, anati, "Zikomo mwanangu. Uli ndi manja ofatsa."

Lamlungu lotsatira Delmer analowa m'tchalitchi, naponya mkanjo patsogolo pa guwa, naulula zonse, natchula mayina mmodzimmodzi. A Hoyt anadzuka ndi ndodo namukumbatira, mpingo wonse ukulira.

Ndiye achinyamata inu, mverani. Chidani pa munthu chifukwa cha khungu lake ndi tchimo, ndipo tchimo limeneli silikhuta. Gulu lililonse lokuuzani kuti mubise nkhope, mulumbire mwachinsinsi, mudane ndi amene Mulungu analenga, lithaweni musanagwade. Likatha kudya anansi anu, lidzakutumani m'nyumba mwanu.

Tsopano ndinene chilungamo, poti abusa andiyang'anitsitsa. Za kutchalitchi zija, kuponya mkanjo ndi kukumbatirana, ndapeka ine, chifukwa anandipempha nkhani yothera m'chikhululukiro. Zina zonse Delmer anandiuza yekha ataledzera m'ngolo mwanga, mawa lake n'kundigwadira kuti ndiiwale, n'chifukwa chake mayina ndasintha. Msana wa a Hoyt sunapole. Anamwalira m'nyengo yachisanu yotsatira, akuuza aliyense wobwera kudzawaona kuti Mulungu anawapatsa mwana wabwino wowasamalira. Delmer ankamva ali pambali pa bedi. Mpaka lero a gulu lija akamuitana, amavala mkanjo n'kupita.