Mubwere Mawa

Amayi amagawa mankhwala pachipatala, pakawindo kamene odwala amaima pamzere. Mwezi umenewo timapampu ta mphumu tinkasowa, kamodzi usiku uliwonse. Loko anasintha, zikwama za antchito anasecha, koma ayi ndithu. Abwana anati pofika Lachisanu wakuba apezeke, apo ayi amayi atule makiyi.

Lachinayi madzulo ndinawapititsira chakudya. Ndinawapeza atavala magolovesi, akupaka jivi kunsi kwa timabokosi ta timapampu, mankhwala a pazilonda aja amene sachoka ndi sopo.

"Wogwira aliyense zala zimuulula," anatero. "Ugone konkuno, ine maso akundikana."

Anakhoma chitseko, kiyi n'kumukoleka m'khosi. Sipanatenge nthawi, anali atagona pamakatoni, nsapato zili kuphazi.

Ine ndinakhala pansi, nditatsamira shelefu, ndikudzifunsa ndagi za malemu agogo kuti ndisawodzere. Imodzi inali yoti: mlendo wanga ndimamuyembekeza tsiku lililonse, koma akafika wasintha dzina. Yankho lake ndinali nditaliiwala.

Filiji inasiya kulira. Kenako ndinamva kupuma. Sikunali kwa amayi. Kunali kopyapyala, kolira ngati mluzu, kochokera kuseri kwa shelefu. Kunayandikira pang'onopang'ono, kuima, kuyandikiranso. Kabokosi kanakhwekhwereza. Pfuu. Pfuu. Kupuma kuja kunafewa.

Dzanja linatsamira paphewa langa, monga amachitira okalamba podzuka.

"Amayi akowo usawadzutse," anatero mawu achilendo a bambo wina wachikulire. "Atopa."

Sindinatembenuke mpaka kunja kutayera.

M'mawa kapampu kamodzi kanalibe. Chitseko chinali chokhoma. Antchito onse anaonetsa zala, zoyera.

"Zangazi mwaziona, mayi?" anatero alonda. "Zakuda ndi umphawi basi."

Palibe anaseka, poti amayi anali akuyang'ana bulauzi yanga. Paphewa panali zala zinayi za jivi, chachikulu kumbuyo.

Alonda anavula chipewa. Anayamba kunong'oneza anamwino za mkulu wina amene chaka chatha anakhala pabenchi ya pakawindo kuyambira m'mawa, chifuwa chikulira. Timapampu tinali titatha. Pomwe ankamudzutsa kuti akutseka, anali atazizira kale.

"Ndikumukumbuka," anatero amayi, mawu ali pansi. "Ndinamuuza kuti mubwere mawa."

Apo m'pamene yankho la ndagi ija linandibwerera.

Abwana anafika nthawi ya tiyi, akupukuta magalasi.

"Nanga mayi, wakuba uja mwamupeza?"

Amayi anavula kiyi m'khosi, n'kumuika patebulo. Anakhala pampando ngati munthu amene wayenda ulendo wautali.

"Ndamupeza, bwana," anatero. "Koma sanabe. Ndinamuuza ndekha kuti abwere."