Amene Anachotsedwa Pamzere

Izi si nthano ayi. Wofuna kutsutsa akafunse mayi wa mafoni, uja wolankhula ndi oitana ambulansi, adakali pa desiki yake mpaka lero, kapena dalaivala wa ambulansi uja anasiya ntchito n'kuyamba kugulitsa matayala. Awiriwa anaona ndi maso awo, ndipo sanasiyane mawu pofotokoza.

Panali kampani ina imene inakonza njira yoitanira ambulansi pa foni. Ukadwala mwadzidzidzi unkangodina batani, uthenga wako n'kukaima pamzere, ambulansi yapafupi n'kutumizidwa. Mauthengawo sankapita pa kompyuta imodzi. Ankagawidwa pa makompyuta akuluakulu ambiri, aja amati maseva, ena m'nyumba momwemo, ena m'mizinda yakutali, onse akugawana katundu. Oitana akachuluka unkangoyatsa seva ina, monga amachitira m'sitolo potsegula malo ena olipirira mzere ukatalika. Amene anamanga zonsezi anali mayi wina wochepa thupi, wosalankhulalankhula, anzake ankangomuti Wamagalasi.

Bambo ake anali telala wopuma ntchito, wodwala mphumu, ndipo ankakhala okha. Batani lija ankalinyadira kuposa mwini wake.

"Bambo, chifuwa chikakugwirani muziimbira ine," ankawauza.

"Ndikusokoneze pa ntchito chifukwa chiyani? Ndidzadina batani lako. Kodi unapanga chinthu choti bambo ako omwe asachikhulupirire?"

Nyengo ya mvula matenda anachuluka, mzere n'kuyamba kuyenda mokwawa. Sikirini yaikulu ya pakhoma, imene inkaonetsa kufulumira kwa ntchito, inafiira psuu. Tsono bwana wa pamenepo, amene antchito anamupatsa dzina loti a Zilibwino chifukwa ndiwo mawu okha ankawadziwa pamaso pa alendo, sankafuna kuona chofiira. Wamagalasi anati awonjezere maseva ndi maambulansi. Iwo ayi. Anati m'makinamo muikidwe lamulo lakuti aliyense amene wadikira nthawi yaitali azichotsedwa pamzere mwakachetechete, kuti nthawi yodikira izioneka yochepa.

"Ngati akufunadi thandizo adinanso," anatero a Zilibwino.

"Munthu wokomoka adinanso ndi chiyani, bwana? Mukabisa matenda, maliro tidzamva," anayankha Wamagalasi.

A Zilibwino anamuyang'ana ngati wawatukwana. Anadikira kuti apite ku tchuthi, n'kuitana munthu wakunja kudzaika lamulolo. Pobwera, Wamagalasi anapeza atamutsekera, sakanathanso kulikhudza. Sikirini inali biriwiri, alendo akuomba m'manja, bwana atalandira mphoto ya galasi yoti aziika pa tebulo. Asa! Mphoto ya kutaya odwala m'njira! Wamagalasi anadandaula kwa akuluakulu, koma anamuuza kuti nsanje si yabwino. Anakachenjeza bambo ake kuti batanilo asalidalirenso, iwo anangoseka, ati mwanayu kudzichepetsa kwake n'kwa mayi ake.

Mvula inatha. Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, mzere unayamba kutalika. Kunalibe ngozi ya pamsewu, kunalibe mliri, koma oitana ankangolowa. Wamagalasi anasiya foni yake m'kabokosi ka pakhomo, poti m'chipinda cha maseva salowa ndi foni, n'kulowa kukayatsa seva yatsopano. Itangoyaka, inali yodzaza kale. Anayatsa ina. Chimodzimodzi. Anadzutsa a m'mizinda yakutali, nawonso anadzuka atasenza kale katundu.

M'chipindamo nthawi zonse mumanunkha fumbi ndi mawaya otentha. Tsikulo munkanunkha dothi lonyowa, lofukulidwa kumene. Zokupizira mphepo za m'makinamo zimalira mawu amodzi osasintha, koma anazimva zikukoka n'kutulutsa. Kukoka, kutulutsa. Ngati munthu wobanika.

Mayi wa mafoni anatsegula chitseko pang'ono, nkhope itatuwa.

"Achemwali, tabwerani," ananong'ona. "Dalaivala wafika kunyumba ya nambala yoyamba. Wapeza mkazi wamasiye. Akuti amuna awo anawaika m'manda nthawi ya mvula, ndipo foni yawo ili m'kabati, yopanda batire."

"Nanga yachiwiri?"

"Mwana wa sukulu. Nayenso anapita."

Wamagalasi anapita pa desiki ya mayiyo n'kumuuza aimbire nambala ina iliyonse pamzerepo. Foni inaitana kamodzi. Wina anayankha. Kunja kunali dzuwa, koma m'fonimo munkamveka mvula ikugunda pa malata. Kenako mawu, otsika, osakwiya n'komwe.

"Tidakali pamzere."

Apo ndi pamene a Zilibwino anatulukira, tayi ili pakhosi, kompyuta yawo ya m'manja ili kukhwapa. Madzulo omwewo kunkabwera alendo ena. Anauzidwa zonse, koma iwo maso anali pa sikirini yofiira basi.

"Zamkutu! Ndi makina asokonezeka. Tingofupikitsa nthawi ija, aliyense wodikira ngakhale pang'ono achoke."

"Bwana, pamzerepo pali amoyo!" anakuwa Wamagalasi.

"Adinanso."

Anadina okha ndi chala chawo, aliyense akuona. Mzere unasesedwa wonse. Sikirini inabiriwira kwa kamphindi, bwana n'kuyamba kukonza tayi. Kenako nambala zinayamba kubwerera, iliyonse pamalo pake penipeni. Zinabwerera za akufa zokha. Amoyo ndiwo anatayidwa, ena ali pansi m'bafa, ena m'manja mwa ana awo, osadziwa kuti palibe akubwera. A Zilibwino anasesanso, akufa anabwereranso. Anasesanso kachitatu, thukuta lili kamukamu, mutu wouma ngati mwala wonolera.

Wamagalasi, munthu amene sankakweza mawu ngakhale kwa wogulitsa wom'bera chenji, anawalanda kompyuta ija m'manja.

"Mundichotse ntchito mawa. Lero khalani pansi."

Analifufuza lamulolo, nalipeza, n'kulifufuta. Fungo la dothi lija linali litafika mpaka pamadesiki.

Nambala yatsopano inalowa kumbuyo kwa mzere. Mayi wa mafoni anaiimbira, anali mkazi wamoyo, mwana wake akukomoka. Kutsogolo kwake kunali khamu lonse lija, ndipo Wamagalasi anayamba kuganiza momwe angamudutsitsire. Sanakhudze kanthu. Nambala ija inasuntha yokha. Ya patsogolo pake inapatuka, inanso inapatuka, inanso, mpaka mayi uja anafika kutsogolo, ambulansi n'kunyamuka.

"Akupereka njira," anatero mayi wa mafoni, misozi ili chuchuchu. "Akupereka njira kwa amoyo."

Taonani zimenezo, anthu inu. Anthu otayidwa ngati zinyalala, oikidwa kale m'manda, anali ndi ulemu umene bwana wa tayi ndi mphoto analibe. Amoyo amene anasesedwa aja anayamba kudinanso, amene akanatha kudina, ndipo aliyense ankangodutsa bwinobwino. Wamagalasi anavula magalasi n'kupukuta m'maso, mtima ukuyamba kutsika.

Atawavalanso, kumbuyo kwa mzere kunali nambala ina. Sanafunike kuiwerenga kawiri. Anawagulira yekha nambala imeneyo.

"Ndi bambo anga," anatero. "Dutsani, bambo."

Nambala ija sinasunthe.

"Dutsanitu. Akupatsani njira."

Sinasunthe. Kumbuyo kwake kunalowa wina, wa ngozi ya njinga. Nambala ya bambo ake inapatuka. Wa njinga uja anadutsa.

Zokupizira mphepo zinakoka mpweya kamodzi, motalika. Sizinatulutse.

Wamagalasi anathamangira kukabokosi kaja n'kutenga foni yake. Panalibe amene anamuimbira. Mayi wa mafoni anali atauza kale dalaivala pa wailesi kuti asiye zonse athamangire kumeneko. Dalaivalayo akuti anathyola chitseko n'kuwapeza atakhala pampando, pafupi ndi makina awo osokera, nsapato atavala kale, kachikwama ka mankhwala kali pamiyendo, okonzeka kunyamulidwa. Thupi linali lisanazizire. Foni inali m'manja, ndipo inkaonetsa kuti anadina nthawi imene bwana ankasesa mzere koyamba. Anadina kamodzi kokha. Kenako anakhala pansi kudikira, poti batani la mwana wawo silikananama.

Alendo aja anauzidwa kuti kunali kavuto kakang'ono ka makina, koma zili bwino. Mphoto ya galasi idakali pa tebulo, amaipukuta m'mawa uliwonse. A Zilibwino ku maliro anatumiza nkhata ya maluwa, yokhala ndi chizindikiro cha kampani. Manyazi anathera kuti, kaya.

Wamagalasi sanasiye ntchito, ndipo palibe amene analimba mtima kumuchotsa. Amakhala pomwepo kulondera kuti wina asadzaikenso lamulo lija. Maseva anawonjezedwa ambirimbiri, akatswiri anabwera n'kubwerera akupukusa mitu, koma mzere uja suchepa. Amoyo amadutsa, enawo amaima.

Foni ya bambo ake amaisunga m'chikwama, yozimitsa. Mayi wa mafoni akuti tsiku lina poweruka, Wamagalasi anaitulutsa, naiika pa desiki onse akuiona, n'kumupempha aimbire nambalayo. Foni ya pa desikiyo sinalire, sinayake. Koma kwinako wina anayankha. Kunamveka kupuma kwa mphumu, kolira ngati kamluzu, kenako mawu achifatse.

"Usavutike, mwanangu, pitiriza ntchito. Ndadina kale batani lako."