Womanga Chingwe pa Mlatho Wakale

A Makaniko ananyamuka mochedwa tsiku limenelo, ndipo anadzichedwetsa okha. Anapuma kale ntchito yokonza magalimoto, koma manja awo sadziwa kukhala: anangoona kachibowo pathanga la bwato lawo, basi tsiku lonse kusoka. Pamene ankakweza thangalo n'kuti anzawo a mabwato atakocheza kale.

M'bwatomo munali awiri okha, iwo ndi Phulusa, galu wawo. Ulendo wawo unali wongotsata gombe, lero apa mawa apo, ndipo ana awo anali atatopa nako kuwaletsa. Koma Phulusa anali ndi ulemu wopitirira. Kudzithandiza m'bwato, ayi ndithu. Kaya mumunyengerere kaya mumukalipire, ankalira mpaka aponde mtunda. Ndiye atayamba kulira uku akuzungulira mlongoti, a Makaniko anakhotetsa chiwongolero kulowa padoko lina limene anali asanakochezepo.

Panali mlatho wamatabwa wolowa m'madzi, wakale, wopanda nyale. Kumapeto kwake kunaima munthu atatambasula manja.

Woyenda pamadzi aliyense amadziwa kuti woima pamlatho akatambasula manja umamuponyera chingwe, moni amabwera pambuyo. Dzanja la a Makaniko linaponya mutu usanaganize. Munthuyo anawakha, nawerama pachichiri, namanga. Phulusa anadumphira pamlatho n'kuthamangira kumtunda.

"Wabwera, mwananga," anatero munthuyo. "Gona pompano."

Mwananga? Munthu wa imvi mbuu ngati iwo? A Makaniko anaseka pang'ono. "Zikomo bambo, koma sindikhalitsa. Galuyu akangobwera tipitirira."

"Ndinamasula kamodzi. Sindimasulanso."

Mphepo inatembenuka nthawi yomweyo, mvula ili pambuyo pake. Mafunde anayamba kunyamula bwato n'kumalimenyetsa pansanamira za mlatho. A Makaniko ankadziwa kuti bwato lomangidwa pamalo otere mphepo ikakula limasweka, ndi bwino kulitulutsa. Anaimba likhweru. Phulusa anabwera, koma atafika pakati pa mlatho anaima nji, ubweya uli nyankhalala. Pakati pa iye ndi bwato panali munthu uja.

"Bambo, tapatukani galuyo adutse."

Munthuyo sanasunthe.

A Makaniko anayatsa tochi, tochi inathima. Koma m'kamphindi kameneko anaona. Mvula yonse ija, malaya a munthuyo anali ouma...

A Makaniko anatambasula dzanja n'kugwira mfundo ija pachichiri. Inali yolimba ngati yowotcherera. Anakoka. Chikhadabo chinathyoka. Khoo! Bwato pansanamira. Thabwa linalira. Madzi anafika m'zidendene.

Anasolola mpeni nauika pachingwe. Kungocheka kokha, mphepo ikanawatulutsa. Ndipo tinene zoona, anayamba kucheka.

Phulusa analira. Sikunali kuuwa, kunali kulira kwapansipansi kumene ankalira akamusiya yekha pakhomo. A Makaniko anachita manyazi, manyazi oposa mantha. Galu amene ankadya naye m'mbale imodzi, amusiye ndi chinthu chimenechi? Anaponya mpeni pansi, nakwera pamlatho, natsinzina.

Anadutsa pambali pa munthu uja. Kuzizira kwake! Kunalowa mpaka m'mano. Fungo la matope a pansi pa madzi. Anapapasa, nagwira ubweya wonyowa, namunyamula Phulusa.

Kucheuka, munthu uja waima pamene panali potsikira m'bwato, manja atatambasula. Kuti athawire kumtunda... phwaa! Funde linazula matabwa iwo akuona, panatsala phompho la madzi akuda.

Kutsogolo iye. Kumbuyo madzi.

Anakhala pansi pomwepo, galu ali pachifuwa. Anamva mlongoti ukuthyoka. Anamva bwato lawo likumwa madzi, osatha kuchita kanthu. Nthawi ndi nthawi mawu aja ankabwera, ofatsa, apafupi ndi khutu: "Gona pompano, mwananga."

Kutacha, mphepo inali itagona ndipo munthu uja kunalibe. Bwato linali lili pachingwe, theka m'madzi. Amene anawapeza anali msodzi wina wachikulire, akupalasa kabwato kake. Anayang'ana chingwe chija, pamene mpeni unalekeza, n'kupukusa mutu.

"Achimwene, n'chiyani chinakuletsani kumaliza?"

"Galuyu."

"Mumugulire nyama. Kunja kwa dokoli usiku wathawu sikukanapulumuka munthu. Ena amene anadula chingwe pano tinakawatola pagombe."

A Makaniko anayang'ana kumapeto kwa mlatho. "Nanga bambo amene anandimangira aja ndani? Amakhala kuti?"

Msodziyo anavula chipewa. "Anali womangirira mabwato pamlatho uno. Usiku wina wamphepo mwana wawo anawaumiriza kuti amumasulire bwato, iwo n'kumasula. Mwanayo sanabwerere. Kuyambira pamenepo ankangoima apa, kudikira, mpaka tsiku lina funde linawatenga nawonso." Anatambasula manja kuti alandire Phulusa. "Tsikani, achimwene. Ine ndinanyamula nawo maliro awo ndisanamere n'ndevu zomwe."