Kwawani, Bambo

Wometa tsitsi wina anatuluka m'famase mochedwa, minibasi zonse zitaweruka kale. M'thumba la malaya munali kabotolo kopopera m'kamwa, mankhwala a mphumu. Kunyumba anasiya mwana wake wamkazi akubanika, chifuwa chikulira ngati kamwana ka mphaka. Ndiye kholo lingayende mwaulemu pamenepo? Aa, linali liwiro lokhalokha, mtima uli m'mwamba.

Msewu waukulu ndi wozungulira, choncho anadulira kanjira ka kuseri kwa fakitale yotsekedwa, kotsikira pa kaulalo ka matabwa. M'derali anali mlendo, ndipo kanjirako ankakadziwa masana okha. Mvula inali itavumba sabata yonse. Nkhungu inkakwera kuchokera mumtsinje pang'onopang'ono, kumeza udzu, kumeza mitengo, kenako mapazi ake omwe.

Atangoponda thabwa loyamba, tsitsi linamuimirira... Pambali pake panaima mayi. Sanamve ndi mtswatswa womwe. Nsapato zili m'manja, diresi lili lonyowa, madzi akudontha.

"Musathamange, bambo," ananong'ona mayiyo. "Kwawani."

"Pepani mayi, mwana wanga ali kayakaya. Ndisiyeni ndidutse!"

"Ndikudziwa. Inenso ndinathamanga. Kwawani ngati khanda."

Dzanja linamugwira paphewa. Kuzizira kwake! Bambo wamkulu ndi ndevu zake anangogwada. Anayamba kukwawa. Thabwa limodzi. Lina. Ulalo ukulira. Pansi madzi akukokoma. Kugombe dothi linkagumuka mwakachetechete, mizati ikupendekeka. Misozi inatsika, poti zinamuwawa zedi: mwana akusowa mpweya kunyumba, iye akuyenda ngati nkhono.

Pakati pa ulalo anapapasa kutsogolo... Panalibe thabwa! Dzanja linagwira mphepo. Akanafika pamenepo ali pa liwiro, kwake kukanatha. Anadziwongola chafufumimba, n'kugwira thabwa la patsogolo, n'kudzikoka.

Atafika tsidya anacheuka. Nkhungu yokhayokha.

"Zikomo, mayi!"

Kenako analiyatsa liwiro.

Kunyumba anapeza mkazi wake atafungata mwana, ali ndi aneba, mayi achikulire amene anabwera kudzathandiza. Anamupopera mwanayo mankhwala. Pang'onopang'ono chifuwa chinamasuka, kamtsikana n'kugona tulo.

"Abambo ake, matope onsewa m'mawondomu, munagwa?" anafunsa mkazi wake.

Wometa anafotokoza zonse. Aneba anagwira pakamwa.

"Nsapato m'manja? Mayo ine... Ameneyo ndi telala uja, mwini nyumba yopanda denga ili kumapeto kwa msewu unoyi, yomwe zitsamba zinayanga mpaka m'mawindo. Papita zaka, ana inu. Usiku wamvula ngati uno anapita kukagula mankhwala a mwana wake. Pobwera anavula nsapato kuti athamange bwino, ndiye ulalo wakale unathyoka naye. Tinakamupeza kumunsi m'mawa mwake, mankhwala ali m'thumba."

Wometa anakhala pansi. Anafuna kungokhala chete, koma funso linatuluka lokha.

"Nanga mwanayo, amayi?"

Aneba anayang'ana kamtsikana kali m'tuloko, n'kutsitsa mawu.

"Anadikira amake mpaka mbandakucha. Tinawaika tsiku limodzi."